Papaya wa Mbalame Youma

Zinayamba ndi kachidutswa ka papaya. Mayi Odile Grondin, oyang'anira nyumba yathu yosungiramo zinthu zakale, anakapeza m'mawa patsogolo pa bokosi lagalasi momwe munagona mbalame ija, nyerere zitandanda kale mzere.

Mbalameyo ndi ya chilumba chathu chino cha Réunion, yatsumba loyera, koma mtundu wake unatha agogo athu asanabadwe. Iyi tinachita kubwereka ku Ulaya, youma gwa, m'maso muli thonje. Eni ake ananeneratu kuti nyerere ikangolowa m'bokosimo adzaitenga, ndipo ntchito ya mayi Grondin idzathera pomwepo.

Mawa lake, papaya wina. Mkuja, winanso. Amayi ogulitsa buledi kutsidya kwa msewu anayamba kunong'ona kuti mbandakucha uliwonse m'nyumbamo mumamveka kuimba. Ife anthu a pano mphekesera timaikonda kuposa mpunga, moti pofika Lachisanu ena anali ataiona kale mbalameyo ikuphethira.

Mayi Grondin mantha anali nawo, koma mkwiyo unaposa. Loweruka analawirira kusanache nakabisala kuseri kwa chigoba cha kamba wamkulu. Mdima unali bii, denga likungothetheka. Kenako kunamveka phazi lokwekwereza, pang'onopang'ono, mpaka pabokosi paja. Mluzu unalira katatu, mokweza. Patapita kanthawi kunabwera kayimbidwe kena, kotsetsereka, kokoma mpaka tsitsi kunyerenyetsa.

Mayi Grondin anayatsa tochi.

"A Firmin! Inu?"

Anali mkulu wosesa m'nyumbamo, mbale ya papaya ili m'manja.

"Pepani mayi. Makolo anga ndi amene anazitha mbalamezi. Ankaziitana ndi mluzu umenewu, zikatera n'kuzigogoda ndi ndodo. Kwathu tonse timaudziwa, ngakhale wopanda mano ngati ine. Ndiye mlendo wabwerera kwawo, ine osamupepesa? Agone ndi njala?"

"Njala yanji, bambo inu? M'mimba mwakemo muli udzu! Mundichotsetsa ntchito ndi nyerere zanuzi."

Mayiwo anaseka mpaka misozi, mtima utakhala pansi. Anagwirizana kuti papaya asiye, koma mluzu apitirize.

"Komatu gawo lachiwiri lija mumalitha," anatero mayiwo akutsekula mazenera. "Lotsetsereka lija. Tabwerezani."

A Firmin anaika mbale pansi mosamala.

"Limene lijatu si ine, mayi. Ine ndimangoitana."