Udzu Wofolerera Nyumba ya a Martina

Patson anatula mtolo womaliza pakhomo, maso ali pansi. Mayi ake, a Martina, anasolola udzu pang'ono, kuuyesa ndi mkono, kenaka kuuponya uko. Unali waufupi ngati tsache.

Udzuwo anamweta okha nthawi yachisanu kudambo la kufupi ndi Dzalanyama, n'kumasenza mtolo umodziumodzi mpaka khosi kuuma. Unali wofolerera nyumba yawo ya ku Mitundu. Denga linali litawola, ndipo bambo a Patson chipitireni kuesiteti ya fodya anali asanapondenso pakhomopo.

Ndiye kunabwera chikondwerero cha zisudzo ndi magule. Matipate anali atangoyamba kumene, ndipo ana asukulu a ku Mitundu ndi ku Nathenje ankafuna kuseka poyera zimene makolo awo ankangonong'onezana. Holo kunalibe. Anagwirizana zomanga mpanda waudzu ndi chisakasa pabwalo la mpira, zoti adzapasule chikondwerero chikatha. Patson, wapampando wa gulu la zisudzo, analonjeza udzu asanapemphe n'komwe. Mayi ake atakana, anadikira tsiku lamsika iwo atapita ndi tomato, n'kubwera ndi ngolo kudzatuta udzuwo.

Mpanda utaima, nsonga zake zinali nyankhalala ngati tsitsi losapesa. Patson anaopa kuti a ku Nathenje awaseka. Anatenga chikwakwa n'kudula pamwamba ponse mpaka mpanda unalingana bwinobwino.

Sewero lawo linapambana. Iye anasewera mnyamata wachipani wolanda nkhuku za nkhalamba yopanda khadi, ndipo anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Tsopano, ataima pamaso pa mayi ake, anayamba kufotokoza kuti wabweza mitolo yonse, palibe wosowa, ndipo sukulu yawo yalandira chikho.

"Chikhocho ubwere nacho, tizikingira madzi," anatero a Martina. Sanakweze mawu. "Ndinalipo pa sewero lako, ndinaima kunja kwa udzu wanga womwe. Achipani aja ankalanda nkhuku, inde, koma denga ankatisiyira. Iwe wawaposa."

M'mawa mwake Patson anapita kudambo ndi chikwakwa chomwe chija. Anapeza kuli bii. Osaka mbewa anali atatentha kalekale. Anazungulira kwa anzake a m'gulu, koma aliyense anati udzu wa kwawo uli kale padenga.

Anafolera ndi waufupi womwewo, yekha, zala zikutuluka magazi. Mvula yoyamba inagwa masana, ndipo udzuwo unayamba kusololoka. A Martina anatchera beseni, ndowa ndi mapoto. Malo ouma anatsala amodzi okha, pakona pamene Patson ankagona. Madzi anali atayamba kudonthera pathumba la chimanga.

Palibe anamuuza. Anapinda mphasa yake, n'kukokera thumbalo pakonapo.