Teunis Kuseri kwa Katani Yofiira

M'mudzi wa Elsveen, kumene ng'ombe n'zambiri kuposa anthu, munalibe nyumba yaulemu ngati ya a Harm Veldkamp. Pakhomo pamenepo ngakhale mphaka ankadikira pemphero asananyambite mkaka, ndipo tsiku la Sabata tambala ankalira monong'ona. Mwana analipo mmodzi yekha, Teunis, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, woimba besi m'kwaya ya mpingo. Mnyamatayo akati atsitse mawu, mazenera a tchalitchi ankanjenjemera, ng'ombe za kutsidya n'kuleka kubzikula.

Mawu omwewo ndiwo anamupezera mkazi. A Lubbert Brinkhuis, mtsogoleri wa kwaya, munthu amene anasekapo kamodzi kokha chibadwire n'kupepesa mawa lake, anamulola kutomera mwana wawo Geesje. Mphete zinali kale kuzala, makeke anali ataitanitsidwa, ukwati utatsala milungu itatu.

Ndiye kunabwera kalata yoitana kwaya kuti ikaimbe Loweruka madzulo m'tchalitchi china chakale ku Amsterdam. Usiku wonse mayi a Teunis ankangotembenuka pabedi. M'mawa anamukulungira buledi ndi tchizi, n'kumuuza kuti adye zimenezo basi, za m'tauni zimabwera ndi zina. Bambo ake anamuperekeza pa basi, n'kumugwira paphewa.

"Mwananga, kumeneko kuli misewu ya madzi ndi misewu ya magetsi ofiira, ndipo yonse imamiza. Maso ako akhale pa nsapato za a Brinkhuis. Kumene zapita, iwenso komweko."

Teunis anaseka, n'kunena kuti iye si mwana wa ng'ombe woti n'kumangidwa chingwe.

Anafika masana, kuimba kukadali kutali. A Brinkhuis anali atakonza zoti kwaya yonse ikwere boti lagalasi, izungulire ngalande, ione milatho ndi nyumba zopendekeka zija zimene zimatsamirana ngati zidakwa. Koma m'kwayamo munali Evert, woimba mawu a tena, amene anagwirapo ntchito ya magetsi m'tauniyo zaka ziwiri ndipo ankayenda ngati milatho yonse anamanga ndi iye. Anamunong'oneza Teunis kuti maboti ndi a agogo. Kenaka anapita kwa a Brinkhuis ndi nkhope yachisoni, kukanena kuti Teunis amasanza pamadzi, bwino ayende naye pamtunda kuti mawu asawonongeke. Teunis anali pomwepo, anamva bodzalo, osatsutsa. Geesje anamukonzera kolala, n'kukwera boti.

Nsapato za a Brinkhuis zitangosowa, Evert anamulowetsa m'kanyumba kamdima konunkha migolo. Mwini wake anathira kachasu wakumeneko m'timatambula mpaka kusefukira, koti n'kosatheka kunyamula.

"Apa sitigwira ndi manja, aise," anatero Evert. "Manja kumbuyo, uwerame, upsontheko. Ndi mwambo."

Teunis, amene chibadwire ankaweramira Mulungu yekha, anaweramira tambula. Anawerama kachiwiri. Pofika kachisanu msana unali utazolowera, ndipo buledi wa mayi ake anali ataponyera abakha.

Atatuluka anakhotera m'kanjira kopanikiza, koti munthu wonenepa amadutsa chammbali. Dzuwa linali liswe mtengo, koma magetsi ofiira anali akuyaka. Kuseri kwa zitseko zagalasi kunali akazi, wina akupenta zikhadabo, wina akudya mbatata zokazinga, wina akuyasamula. Evert anafotokoza ngati mphunzitsi kuti katani ikakhala yotsegula ndiye kuti muli malo, ikakhala yotseka muli mwini kale. Teunis anayang'ana pansi, koma pansipo panali nsapato zake zokha, ndipo zinali zitaima.

Mkazi wina wa tsitsi lakuda, dzina lake Mirela, anagogoda galasi ndi chikhadabo.

"Wakuitana iwe, m'busa," anatero Evert. "Milungu itatu ikatha ukhala pa chingwe mpaka kumanda. Ukufuna Geesje adzakuseke kuti mwamuna wake sadziwa kumene khomo lili? Ndani akuone kuno? Onse ali pamadzi."

Teunis ananena kuti sangalowe ndi mphete kuchala. Ankaganiza kuti wakana. Evert anangotambasula dzanja n'kunena kuti amusungira, anzake ndi a chiyani. Mphete inavulidwa, chitseko chinatsekuka, katani inatsekedwa.

Tsono Evert ameneyu ankamufuna Geesje kuyambira ali kusukulu, ndipo anali atadikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti Teunis apunthwe. Sanataye nthawi. Anathamanga milatho itatu, anthu amati wachinayi anachita kuulumpha, n'kufika pamene boti linali kukocheza. Anagwa pamapazi a a Brinkhuis akupuma movutikira, mphete ili m'manja, n'kulumbira kuti anamugwira malaya, anamulirira, anamutchulira mayi ake, koma Teunis anamuponyera mpheteyo kumaso n'kulowa.

Geesje ananena pamaso pa onse kuti Evert ndi wabodza ndiponso wakuba, mpheteyo wachita kumulanda munthu wodwala. Bambo ake anati chabwino, tiyeni tikaone.

Anthu a ku Elsveen sathyola zitseko, sakuwa, saitana apolisi. Munthu akamwalira amaimba salimo, khola likapsa amaimba salimo, nkhosa ikasochera amaimbanso salimo. Anthu makumi anayi ovala zakuda anandanda m'kanjira kaja, moyang'anana ndi katani yotseka. A Brinkhuis anakweza dzanja n'kuyambitsa salimo lalitali kuposa onse, limene m'buku lawo la nyimbo lili ndi ndime makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi zitatu, mwa kaimbidwe kakwawo kaja, koti liwu limodzi amalikoka mpaka munthu kukama ng'ombe n'kubwerako lisanathe. Alendo ochokera m'maiko onse anaunjikana, kuyesa kuti n'chionetsero cha ulere. Akazi a m'mazenera ena anatuluka atafunda matawulo.

M'katimo Teunis anali atachita kale chimene analowera, chimene sichinatenge ndi nthawi yowiritsa tiyi yomwe, ndipo anali atakhala pabedi akusaka sokosi. Atamva nyimboyo, mowa wonse unamuthera. Anagwada, n'kumupempha Mirela kuti amubise mpaka achoke.

"Atha liti?" anafunsa mkaziyo.

"Akafulumira, mawa."

Mirela anamuuza kuti chipindacho si nyumba ya alendo, anzakewo akuthawitsa makasitomala a msewu wonse, avale atuluke. Teunis anakhala phee, kuganiza kuti akangokhala chete mwina aziyesa kuti Evert wanama. Ndipo zikanatheka, chifukwa panja Geesje anali ataima kutsogolo, mutu uli m'mwamba, akuuza amayi ena kuti muone, mulibemo munthu wathu umu.

Koma pa ndime yachinayi pali malo pamene mawu ena onse amatsika n'kusiyira besi. Teunis anali ataimba malo amenewo kuyambira ndevu zisanamere. Kwaya inafika pamenepo, panakhala dzenje, ndipo khosi la Teunis, losafunsa mwini wake, linadzaza dzenjelo. Liwu linatuluka lokoma kuposa masiku onse. Galasi la chitseko linanjenjemera, katani inagwedezeka, nkhunda zinauluka padenga.

A Brinkhuis anatsitsa dzanja. Geesje sanalire. Anangovula mphete yake n'kupatsa bambo ake.

Mirela anatopa nazo. Anakoka katani ija mpaka kumapeto, ndipo anthu makumi anayi a mumpingo, pamodzi ndi alendo osawerengeka, anaona Teunis Veldkamp ali chogwada, chifuwa chili pambalambanda, sokosi imodzi ili m'manja, kukamwa kukadali kotsegula. Alendo anaomba m'manja. Wina anaponya ndalama yachitsulo.

Nyumba za mbali imeneyo kumbuyo kwake zimathera m'madzi. Teunis anaona kazenera, sanafunse za kuya, anadumpha. Aliyense wa kumeneko amadziwa kuti m'ngalande zimenezi njinga n'zambiri kuposa nsomba. Ena amati pansi pake pali njinga zokwanira dziko lonse la China. Mwendo wake unalowa m'gudumu la imodzi, chitsulo chadzimbiri chinaboola katumba n'kutulukira uko, ndipo njingayo inamugwira pansi ngati ikufuna wokwera. Anamwa madzi aja, madzi amene tauni yonse imalavuliramo ndi kuchitiramo zina. Anamuvuula ndi anthu a boti lotola zinyalala, ndi chingowe chawo, iye ndi njinga pamodzi, n'kumupachika m'mwamba akudontha matope kwaya ili pa mlatho ikuyang'ana. Madzulowo kwaya inakaimbabe m'tchalitchi muja, chifukwa a Brinkhuis sanaphonyepo nthawi.

Kuchipatala mwendo unada, unanunkha, madokotala anaudula m'munsi mwa bondo. Madzi aja anamuwotcha kukhosi, ndipo atayamba kuyankhula mawu ake ankamveka ngati chitseko cha khola. Geesje sanabwere. Mayi ake anabwera kamodzi, anakhala ola lathunthu akuyang'ana khoma, n'kupita. Bambo ake anafika tsiku lotuluka, n'kumuuza mawu awiri okha ali m'galimoto: kuti Lamulungu akaima kutsogolo kwa mpingo kuulula tchimo lake, ndipo palibe amene akamupatse mpando.

Anaimadi, pa ndodo, thukuta likutsika. Abusa anamuuza katatu kuti abwereze chifukwa a kumbuyo sankamva, ndipo ana ankabisa nkhope m'zipewa kuseka mawu akewo.

A Brinkhuis si anthu otaya zinthu. Makeke anali atalipiridwa, diresi litasokedwa, ndiye anangosuntha tsiku ndi miyezi iwiri n'kusintha mkwati. Evert, amene mudzi wonse unkamutama kuti anayesetsa kupulumutsa mnzake, anakwatira Geesje. Teunis anayesa kuuza akulu ampingo mmene zinayendera. Iwo anamufunsa funso limodzi: kodi Evert anakunyamula n'kukulowetsa? Iye anati ayi. Iwo anati basi.

Lero Teunis ali m'shedi ya bambo ake, pa kampando, kutembenuza tchizi kuti iume bwino, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Evert akamadutsa ndi mkazi wake ndi ana amamuvulira chipewa mwaulemu kwambiri, n'kumufunsa za mwendo.

Musandifunse kuti nanga Evert bwanji sanalangidwe. Mlandu wake uli kwa Mwini, ndipo Iye sagona. Zanga n'za kwa inu anyamata. Makolo akakuuzani njira, yendani momwemo. Mnzanu wokuuzani kuti palibe akuone, dziwani kuti iyeyo akukuonani, ndipo ali ndi miyendo yothamangira kukanena. Teunis anachimwa kwa mphindi zochepa, tsiku limodzi lokha, kutali ndi kwawo, ndipo anataya mkazi, mwendo, mawu ndi dzina. Anthu amati Mulungu anamukhululukira, ndipo ndikukhulupirira. Koma mwendo sunamere.