Pulogalamu Imene Inkafa ndi Kudzuka

Nafisa anatuluka mu ofesi ya pa Nselema magolosale onse atatseka kale. Ntchito yake inali yosamalira pulogalamu imene zipatala za m'midzi zimaitanira ambulansi, ndipo masana a tsikulo anali atalowetsa yatsopano m'makompyuta akuluakulu otchedwa maseva. Inakana kugwira. Tizigawo take, timene akatswiri amatitcha makontena, tinkangodzuka, kufa, kudzukanso, kufanso. Anafufuza mpaka batire ya laputopu inatha, vuto osalipeza. Akabaza anali ataweruka. Anauyamba wapansi, mtima uli pa amayi oyembekezera amene angaitane ambulansi usiku umenewo popanda wowayankha.

Njira ya kwawo imadutsa pa kamlatho ka matabwa. Atayandikira, achule onse anangoti zii. M'mbali mwa mlathowo munakhala bambo wina, atafulatira. Malaya ake ankachucha madzi, chikhalirecho mvula inali isanagwe chaka chimenecho.

"Zikomo bambo, tidutse nawo."

Bamboyo sanacheuke.

"Akufabe, achemwali?"

Nafisa anaima.

"Ndani... ndani akufa?"

"Makontena aja. Akadzuka amagogoda pakhomo ndi dzina langa. Inu mwalifufuta m'mawa. Mundibwezere."

Zinali zoona! M'mawa anachotsa maakaunti akale amene ankaoneka kuti alibe ntchito. Koma sanauze munthu. Ngakhale mmodzi.

Bamboyo anayamba kutembenuka... pang'onopang'ono... Fungo la matope a pansi pa mtsinje linamuwomba Nafisa kumaso. Analiyatsa liwiro. Nsapato imodzi inatsala pa matabwa. Sanaibwerere!

Atafika kunyumba analumikiza laputopu ku batire ya sola nkuyamba kubwezeretsa maakaunti aja. Atangobwezera yolembedwa kuti Lyford, makontena onse anadzuka. Anadikira. Sanafenso.

Anaimbira a Uladi, abwana ake a ku Balaka.

"Bwana, yayamba kugwira. Koma a Lyford ndi ndani? Ndakumana nawo pa mlatho posachedwapa."

A Uladi anayankha motsitsa mawu.

"Iyayi, simungakumane nawo. A Lyford ndi amene anapanga pulogalamuyi, inu musanayambe ntchito. Madzi osefukira anawakokolola pa mlatho womwewo akuchokera kokonza seva. Ine ndinanyamula nawo bokosi lawo ku Nsamala. Mwana amene anamusiya ali m'mimba pano akupita kusukulu."