Wokwera Amene Sanauzidwe Kutsika

Madzulo amenewo ndinkachokera kumsika wa Kabudula, kumbuyo kwa njinga kulibe kanthu. Eni mbuzi anali atadzuka ndi mitima youma, aliyense akutchula mtengo ngati mbuzi yakeyo imaikira mazira. Ine ntchito yanga ndi yomweyo, kugula mbuzi m'midzi n'kukagulitsa kwa ootcha nyama pa Namitete, ndipo ndimadziwa kuti tsiku lina kusagula ndiye phindu. Dzuwa linali litangolowa. Kamphepo ka mwezi wa Juni kankalowa m'jekete.

Za njinga yamotoyo ndiyambe ndakuuzani. Ndinagulitsa ngolo ndi ng'ombe zanga zomwe kuti ndiipeze, ndiye musaione ngati chitsulo wamba. Ndi munda wanga, ndi khola langa. Ndinaigula kwa a Asani, amene ali ndi shopu ya njinga pa Namitete pomwepo. Inali payokha kukona, ikunyezimira.

"Iyi yalakwanji, a Asani, kuti ikhale payokha?"

"Inabwezedwa. Mnyamata wa kabaza anayenda nayo masiku ochepa, akuti imavuta kulira. Tinasintha pulagi, ili bwinobwino."

"Mbuzi yoti wina anaigula n'kuibweza, ine sindiigula pamtengo woyamba."

Tinakokana mpaka a Asani anapita kukapemphera, n'kubwerako kundipeza ndili pomwepo. Anagonja. Anatsitsa mtengo, ndipo waranti anandipatsa yonse: injini ikavuta chaka chisanathe, asintha. Koma anandionetsa penti yofiira imene anapaka pa mabawuti a injini.

"Penti iyi ikasweka, waranti yatha. Mukamailemetsa katundu, yathanso. Mwamva, achimwene?"

Ndinachoka ndikudzitama kuti ndamudyera munthu wa shopu. Anthufe timakonda kuseka tisanaone mano a chimene tagula.

Njingayo inali ndi khalidwe. M'mawa uliwonse ndinkaiponda kiki mpaka thukuta. Oilo inkamwa ngati chidakwa, kumbuyo ikutulutsa utsi. Ndinkangoti idzazolowera. Koma kufikira madzulo amenewo ndinali ndisanadutsepo nayo kukuda pamphambano ya pamkuyu, pamene kanjira kamapatukira kumidzi ya kuseri kwa Nsaru.

Nditafika pamkuyupo, injini inangoti zii. Sinatsokomole, sinadandaule. Inazima ngati munthu waipuliza.

Ndinayang'ana petulo, analimo. Ndinaponda kiki. Ndinapondanso. Palibe. Msewu wonse unali wanga, kutali uko kukumveka galu mmodzi yekha. Ndinati ndiikankhe ilire pothamanga, ndipo poti kanjira kopatukako n'kotsetsereka, ndinaitembenuzira kumeneko. Ndisanakankhe n'komwe, phazi langa linangogunda kiki pang'ono. Inalira. Kulira kwabwino, kosalala, kumene sindinakumvepo chiigulire.

Ndinaseka ndekha. Ndinakwera, n'kuitembenuzira kwathu.

Zii.

Apo mpamene mpando unatsika. Aliyense woyendetsa njinga amakudziwa kutsika kumeneko, kwa munthu akamakhazikika bwino kumbuyo kwako. Mashokapu analira pang'ono. Kumsana kwanga kunazizira, osati kuzizira kwa mphepo, koma kwa chinthu chimene chakutsamira. Kunabwera fungo la mankhwala a kuchipatala ndi bulangete losachapa. Kenako m'chiuno mwanga munayamba kuthina pang'onopang'ono, ngati wina akundimanga ndi chitenje.

Sindinacheuke. Galasi loonera kumbuyo ndinalipinda ndi dzanja kuti liyang'ane pansi.

Paphewa langa lamanzere panatsamira chinthu cholemera, chozungulira.

Ndinatsika mwaulemu, mmene munthu amatsikira pa mphasa ya apongozi. Kuthina kuja kunamasuka. Njinga ndikanaisiya, koma ng'ombe zanga zinali mmenemo. Ndinaigwira nyanga n'kuyamba kukankha, ndipo inkalemera ngati yanyamula matumba a mtedza.

Pofika pakhomo ndinapeza mkazi wanga Tisiyenji atatulutsa mipando iwiri pakhonde.

"Nanga alendo aja ali kuti, bambo a Brenda?"

"Alendo ati?"

"Ndinakuonani muli uko pachulu. Ndimati mukukankha munthu wodwala."

Galu wathu sanagone pakhonde usiku umenewo. Anakagona kwa aneba.

Kutacha ndinaikankha mpaka kushopu. Ndinalankhula za injini basi, chifukwa waranti sidziwa za mizimu. A Asani anagwada, anaona penti ili bwino. Anapisa chala kotulukira utsi, chinatuluka chakuda. Anayang'ana tayala lakumbuyo, linali litatha ngati la zaka. Anadina mpando, mashokapu sanabwerere.

"Achimwene, njinga iyi mukuizunza. Maringi a mu injini apita. Mumanyamula mbuzi zingati paulendo umodzi, khola lonse?"

"Imodzi, a Asani. Dzulo ndinalibe ngakhale nkhuku."

"Ogula onse amatero. Chitsulo sichinama, anthu ndiwo amanama."

Ndinakambirana nawo mmene ndimadziwira, ndipo tinafika apa: aika mashokapu atsopano, ine ndiyende nayo mpaka mwezi uthe. Akadzawapeza ali chilili, ndiye kuti vuto ndi la injini, andipatsa ina. Akadzawapeza atafooka, ndiye kuti ndine wolemetsa, ndisadzabwerenso.

Panja pa shopu pamakhala a kabaza. Mkulu wawo, a Laison, munthu wa imvi amene anayamba ndi njinga yakapalasa, anali akundiyang'ana nthawi yonseyi. Anandikodola.

"Imazima pamkuyu, eti?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Inali ya Yusuf imeneyo. Mukudziwa kuti munthu akamwalira kuchipatala, abale akasowa galimoto, amabwera kwa ife. Timamukhazika malemu pakati, kumumanga ndi chitenje m'chiuno mwa woyendetsa, m'bale wake kumbuyo akumugwira mutu. Yusuf ananyamula bambo wina, a Amon, wa kuseri kwa Nsaru. Pamkuyu paja njinga inazima, pulagi inali yoipadi. Anavutika nayo mpaka kunabwera ngolo, anasamutsa thupi, anapita. Yusuf n'kuthamangira kudzabweza njinga."

"Ndiye vuto lili pati? Thupi linafika."

"Thupi linafika. Koma ndani anawauza a Amon kuti atsike? Ife tikanyamula maliro timalankhula nawo njira yonse. Apa tikuwoloka mtsinje, apa tikukwera chitunda. Tikafika timati tafika, tsikani. Yusuf anali mwana pantchitoyi. Munthu wamkulu anakwezedwa, sanauzidwe kutsika, ndiye akudikira."

Ndinafunsa chochita. Anati ndikawatule, ndiyambire pamkuyu nthawi ya chisisira, chifukwa ndi nthawi imene ulendo wawo unaima.

"Koma mvetsetsani ichi," a Laison anandigwira mkono. "Pobwerera mpando usakhale wopanda kanthu. Mangiranipo thumba, mtolo wa nkhuni, chilichonse. Njira ya mudzi umenewo imadutsa m'mphepete mwa manda. Kumeneko kuli ambiri ofuna ulendo, ndipo mpando wopanda kanthu ndi kuitana."

Nkhuni ndinaziona ngati kuwononga petulo. Kunyumba ndinali ndi tonde wokalamba wothyoka nyanga imodzi, amene aliyense ankamukana chifukwa cha fungo. Ndinati ameneyu ndiye adzakhale pampando pobwerera, fungo lakelo ngakhale akufa sangapirire. Ndinamumanga miyendo ndi malegeni, n'kumugoneka pa keriyala, mpando n'kuusiyira eni ake.

Dzuwa likulowa ndinali pamkuyu, njinga nditaikankha njira yonse. Ndinailozetsa kukanjira kaja. Ndinavula chipewa.

"A Amon, ndine wa mbuzi wa pa Namitete. Sitikudziwana, koma mwandithera maringi. Tiyeni tigwirizane: ine ndikakutulani kwanu, inu mundisiyire njinga."

Kiki imodzi. Inalira.

Mpando unatsika. Chitenje chosaoneka chija chinathina. Mutu unatsamira paphewa. Tonde, amene analira njira yonse kuchokera kunyumba, anangoti chete.

Tinayenda. Nyali inkaonetsa mapesi ouma mbali zonse. "Apa tikutsetsereka, bambo." Tinapitirira pang'ono. "Apa pali kamlatho, gwiritsani." Ndinangonena mwachizolowezi, koma m'chiuno munathinadi. "Apa ndi dambo." Tinadutsa msitu wakuda kudzanja lamanja, mitengo yaitali imene palibe amaidula. Mutu uja unadzuka paphewa panga, unatembenukira kumsituko, kenako unatsamiranso.

Pamudzi ndinafunsa nyumba ya malemu Amon. Anatuluka mayi wamasiye, a Sara, ndi mchimwene wa malemuyo, bambo wamtali wosalankhula zambiri. Ndinafotokoza ndili chikhalire panjinga, ndikuyembekeza kuti andithamangitsa. Mayiwo anangokhala pansi.

"Ndimawalota usiku uliwonse," anatero. "Ali pamsewu, akufunsa kuti tifika liti."

Ndinazimitsa injini. "A Amon, tafika. Pano ndi kwanu. Tsikani."

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako m'chiuno munamasuka. Mashokapu anakwera okha, tonse tikuona. Chitseko cha nyumba, chimene chinali chotseguka pang'ono, chinatseguka chonse. Mayiwo anayamba kulira motsitsa.

Ndinamasula tonde pa keriyala kuti ndimusamutsire pampando. Bambo wamtali uja anaika dzanja pamsana pake.

"Achimwene afika lero. Mawa anthu asonkhana, tiyenera kukhetsa magazi. Tigulitseni mbuziyi."

Pantchito yathu sitinena kuti sindigulitsa. Ndi mwano, ndipo mbiri yake imakutsata m'misika. Ukafuna kukana umatchula mtengo woti munthu wamutu wabwino aseke n'kuchoka. Ndinatchula mtengo wa ng'ombe yaing'ono.

"Chabwino," anatero bamboyo.

Zaka zonse ndakhala pamsika sindinamvepo mawu oopsa ngati amenewo. Koma mtengo ukautchula wekha, wina n'kuvomera, malonda atha. Anamunyamula tonde wanga, malegeni anga ali m'miyendo mwake, n'kulowa naye kuseri.

Ndinapempha kanthu koika pampando. A Sara anandipatsa dzungu lalikulu ndi luzi. Ndinamanga mmene ndikanathera. Amene anayesapo kumanga dzungu ndi luzi akudziwa.

Njinga inalira kiki imodzi, yopepuka ngati mwana wa mbuzi. Ndinkamva ngakhale injini ikupuma bwino. Mumtima ndinali nditayamba kale kukonza mawu okawauza a Asani. Mdima unali utagwira. Nyali inagwera pa msitu uja, tsopano kudzanja lamanzere.

Pali kadzenje pamenepo. Popita ndinakazemba.

Njinga inadumpha. Ndinamva luzi likuduka, dzungu likugwa, likugubuduzika m'mapesi, kulowera kumitengo. Linagubuduzika nthawi yaitali kuposa mmene dzungu limagubuduzikira pamalo athyathyathya. Kenako linaima, ngati wina waliponda ndi phazi.

Ndinakoka mafuta. Injini inabangula, koma njinga inayamba kuchepetsa liwiro yokha, mmene wa kabaza amachitira akaona dzanja m'mbali mwa msewu.

Mpando unatsika.

Unatsikanso.

Keriyala nayo inalira.

Sipanali chitenje ulendo uno. Zinali zala, zozizira, zikufunafuna pogwira m'jekete langa. Fungo silinali la chipatala. Linali la dothi lonyowa, mwezi wa Juni, mvula itasiya kalekale.

"Mukupita kuti, akuluakulu?" ndinafunsa, chifukwa wamalonda amafunsa. Zala zija zinangogwiritsa jekete. Pamkuyu njinga sinazime. Inandilola kufika kwathu, ndipo pakhomo ndinanena mawu onse amene a Laison anandiphunzitsa. Tafika, tsikani. Mashokapu sanakwere. Pajatu sikunali kwawo.

Mwezi usanathe ndinabwerera kushopu. A Asani anadina mpando, unangokhala pansi ngati mphasa. Anaona tayala, anaona utsi. Sanakalipe.

"Poyamba paja munkanyamula katundu wa munthu mmodzi, achimwene. Uyu ndi wa banja lonse. Waranti yatha."

A Laison atamva za dzungu anagwira pakamwa, anayenda pang'ono, anabwerera. Ndinawafunsa kuti awa ndikawatule kuti. Anati a Amon ankadziwika kwawo, koma kumanda akale ngati amenewo kumagonanso alendo, anthu a mtengatenga ndi ogwira ntchito m'minda ya fodya amene anafera kutali ndi kwawo. Ena mwina ndi a kumalire, ena a kumwera kwenikweni. Adzandisonyeza okha.

Akundisonyezadi. Masiku ano njingayo imalira kiki imodzi, bola uilozetse kumene akufuna, ndipo tsiku lililonse amafuna kwina. Kumsika wa Kabudula sanafuneko ngakhale kamodzi. Tisiyenji anakana kuti izigona m'nyumba, ndiye imakhala pansi pa mango, ndipo aneba amanong'onezana kuti kukamada amaona mitu itatu itandandalika pamenepo, yonse itayang'ana kumsewu. Ena amati inayi.

Ine ndaikapo chikwangwani. Njinga yamoto, penti ya pa injini sinasweke, imalira kiki imodzi. Mtengo tikambirana. Dzulo anabwera mnyamata wa ku Mpingu, anaizungulira, anadina mpando, n'kundifunsa kuti yalakwanji kuti ikhale payokha.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze za pulagi. Galasi lija, limene ndinalipinda kuti liziyang'ana pansi, linadzuka lokha pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa mnyamatayo.