Mwana Amene Anasiya Kulira

Mwana amene ankasowetsa tulo nyumba zonse za mumzere uja anangosiya kulira. Anthu ankayamikira mayi ake, koma iye mtima sunakhale m'malo, pakuti mwana wake ankamudziwa. Mayiyu ankagwira ntchito usiku kophika buledi, mwana n'kumatsala ndi bambo ake, dalaivala wa basi. Mayiyo akafika m'mawa ankamupeza mwanayo ali lefuu, zikope zolemera, bere kungoliyamwa pang'ono n'kugonanso, mkaka ukuyenderera patsaya. Thupi silinkatentha ayi, koma mwanayo ankangoonda.

Ndiye anthu sasowa chonena. Ena ankati ndi kuchepa magazi, ena ankati pali dzanja la munthu. Mayi wa nyumba yogundizana nayo khoma anakokera mayi wa mwanayo pambali n'kumunong'oneza kuti usiku uliwonse, mwana akangoyamba kulira, kumamveka kachitsulo, ngwe, ngwe, kenaka zii ngati m'nyumbamo mulibe munthu. Bambo a mwanayo atamva izi anaseka, amvekere akazi inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe.

Usiku wina magetsi anathima kuntchito, mabwana n'kuwauza kuti azipita. Mayi uja anatsegula chitseko cha nyumba yake pang'onopang'ono, nsapato zili m'manja. Mdima unali bii. Kuchipinda mwana ankalira, kulira kofooka, kokoka, ndipo iye anangoima pabalaza. Kenaka anakamva kachitsulo kaja, ngwe, ngwe. Analowa kuchipindako, nayatsa tochi ya pafoni.

Munalibe mfiti. Anali mwamuna wake yemwe, atagwada pambali pa bedi, sipuni ikugunda kukamwa kwa botolo la mankhwala a chifuwa a akuluakulu, ogonetsa aja.

"Bambo a mwana, mukumumwetsa chiyani?" anafunsa monong'ona.

"Ine m'mawa ndimanyamula anthu, mayi. Tsiku lina ndinasinza pachiwongolero. Ndimangofuna kugona."

Mayi analanda botolo, kubereka mwana, ulendo wa kuchipatala. Adokotala atayang'ana botololo anati mankhwala amenewa amatha kugonetsa mwana osadzukanso, ndipo anamugoneka mwanayo m'chipatala momwemo.

Mwana anachira, mawu ake n'kubwerera onse. Mayi anapempha kuti azigwira ntchito masana. Masiku ano mwanayo akalira usiku mzere wonse umadandaula, mayi ake mtima uli m'malo. Koma m'nyumba mukangoti zii, amadzambatuka n'kuika khutu pachifuwa cha mwana.