Foda ya Malemu Gervasio

Chinthu choti wafufuta Lolemba n'kuchipezanso Lachiwiri chili pomwepo, abale, si zoona ayi. Koma n'zimene zinamuonekera Deliwe, woyang'anira makompyuta pa kampani ina yoombola katundu pa boda ya Mwanza.

Mapepala onse a matiraki ankasungidwa m'kabati yachitsulo yodzaza ndi madisiki, m'kachipinda kozizira ngati mbandakucha wa mu Juni. Amene anaiika kabatiyo ndi mwamuna wa Deliwe, Gervasio, asanamwalire. Malemuyo ankakonda kunena kuti madisikiwo ndi pachibale: imodzi ikafa, zinzake zimakumbukira zonse zimene inasunga n'kuzibwezeretsa.

Tsopano kabatiyo inali itadzaza. Bwana anachita kumenya tebulo: "Mufufute foda ya malemuyo. Matiraki akangoima chifukwa chosowa posunga mapepala, ntchito yanu yathera pomwepo."

M'fodamo munali mawu a Gervasio, nyimbo zachipwitikizi zimene ankadzijambula akugwira ntchito. Deliwe anaifufuta fodayo misozi ili chuchuchu. Kutacha, foda ili phee pamalo pake. Anazimitsa zonse zimene zimabwezeretsa mafayilo pazokha, n'kufufutanso. Kutacha, nayo!

"Achemwali," ananong'ona a Zakeyu, mlonda, "usiku mafani oziziritsa m'kabatimo amasintha kaliridwe. Amachita ngati munthu akung'ung'udza nyimbo. Anthu ayamba kale kulankhula, ine ndiye ndasiya kudutsa pakhomopo."

Deliwe anaganiza zogona momwemo. Mdima utagwira, timagetsi tobiriwira ta madisiki tinkaphethira ngati ziphaniphani za kudambo, ndipo kutali kunkamveka matiraki ochokera ku Tete akubuula pachitunda. Kamphepo ka mafani kankamusisita m'khosi pang'onopang'ono, kakununkhira sopo amene Gervasio ankasambira. Mantha anali nawo ndithu, koma tinene zoona, kutulukamo sankafuna. Tulo tinamuba ali chikhalire pampando.

Atadzidzimuka anapeza m'fodamo muli fayilo yatsopano, ya usiku womwewo. Anaitsegula. Kunamveka mafani, kenako kupuma kwa iye mwini ali m'tulo, kenako mawu apansipansi, pafupi penipeni:

"Deliwe, zovala zanga munagawa. Nanga izi?"

M'mawa womwewo anakwera kabaza wa kwa Nthache, kwa apongozi ake a Belmira.

"Iii, apongozi, mumafufuta?" a Belmira anagwira pakamwa atamva nkhaniyo. "Katundu wa womwalira timagawira abale ake, sititaya kudzala. N'chifukwa chake ife tinakusudzulani, koma mwiniwakeyo sanakusiyeni."

Deliwe anakopera nyimbozo m'mafoni a abale onse, zina n'kutumiza mpaka ku Zobue, kutsidya kwa boda. Koma fayilo ya usiku ija anaifunafuna, osaipeza. Madzulo anafufutanso foda ija, dzanja lili lolemera.

Kutacha analawirira kuntchito, osasamba n'komwe. Foda kunalibe. Malo osungira mapepala analipo ambirimbiri, matiraki anaoloka, bwana anachita kumupatsa moni wa manja awiri. A Zakeyu nawo akuti anagona tulo tabwino.

Deliwe anatseka chitseko cha kachipinda kaja, nakhala pansi pafupi ndi kabatiyo. Mafani ankangolira monga mafani. Ananunkhiza kamphepo kaja, n'kununkhizanso, koma kankangomveka fumbi ndi mawaya. Pamenepo ndi pamene anayamba kulira maliro a mwamuna wake.