Njinga ya Munthu Wamfupi

Lolemba m'mawa, 6 koloko itangopitirira pang'ono, Hadiya Jumanne anatuluka m'dziwe losambiramo la kalabu ina ku Woodlands, madzi akali chuchuchu, n'kupeza njinga yake palibe.

Loko analipo. Wakubayo sanamudule ayi. Anamutsegula ndi manambala ake enieni, n'kuchotsa njinga, kenaka n'kumutsekanso bwinobwino pachitsulo. Chimenechi ndicho chinamunyansa Hadiya kuposa zonse. Kuba ndi kuba, koma mpaka kubwezera loko m'malo mwake ngati wabwereka mpando?

Anathamangira kugeti opanda nsapato.

"Ba mayo, ine n'naona chabe munthu wa chisote na magalasi," anatero mlonda. "Imwe ba njinga mulingana monse. Tovala tothina, tunsapato tolila. N'zaziba bwanji?"

Hadiya anali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo ankasoka makatani pakashopu kake ku Kabwata. Miyezi khumi ndi inayi m'mbuyomo dokotala anamuuza mosapsatira kuti shuga wafika pakhomo. Anayamba kuyenda, kenaka kuthamanga. Kusambira anaphunzira ali ntchembere, atavala chovala chofika kumapazi chomwe anadzisokera yekha, ana asukulu akumuseka m'mbali mwa dziwe. Zonsezi ankazilemba pa bulogu yake ya pa intaneti: matuza, misozi, makilogalamu khumi ndi asanu ndi awiri omwe anasungunuka. Ndipo Lamulungu likubweralo linali tsiku lake. Kudamu la pafamu ina ya ku Chisamba kunali mpikisano wa thirayathiloni, wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga motsatizana. Unali woyamba m'moyo wake.

Wina anganene kuti akanangobwereka njinga ina. Kwa yani? Mayiyo anali wamfupi, mita imodzi ndi theka basi. Njinga za anzake a m'gulu lawo lopalasa akakwerapo mapazi ankangolendewera. Yakeyo, yofiira, yopepuka, anaisaka chaka chathunthu asanaipeze.

Woyamba kufika nkhani itamveka anali Nicodemus Lukonde, kalaliki wa pakampani ina yamalole, wamfupi mnzake wa m'gulu lopalasa njinga. Ameneyu ndiye ankayamba kuyamikira chilichonse chimene Hadiya walemba pa bulogu. Pa chikondwerero cha Idi anadya mbale ziwiri za pilau kwa amayi ake a Hadiya, mpaka kupempha wina wa m'kontena.

"Ba sisi, awe shuwa, bantu balibe mantha na Mulungu," anatero akupukusa mutu. "Ise bafupibafupi tivutika kale. Kwelani, nikupelekeni ku polisi."

Kupolisi anakumana ndi Sajeni Nsofwa Kabamba, mayi wosaseka wamba.

"Loko sanadule. Ndani aziba manambala?"

"Gulu lonse," anayankha Hadiya mwamanyazi. "Tsiku lina ndinawatchula mokweza kuti mnzanga anditsegulire."

"Ndani aziba kuti mumasamba pa Mande zilo sikisi?"

"Zili pa bulogu."

Sajeni anaika cholembera pansi n'kumuyang'ana. "Manje munasiya chani chamene simunauze kawalala? Panali chinangu pa njinga?"

Panali kamakina kapahandulo, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Hadiya anafotokoza kuti munthu akadina batani, kamalemba njira yomwe wayenda, mtunda ndi liwiro. Kakafika pamene pali wayifayi yomwe kakuidziwa, kamatumiza kokha ulendowo ku bulogu yake.

"Kangatilangize kwamene ili?"

"Ayi. Kamadziwa wayifayi ya malo awiri okha, kunyumba kwanga ndi kwa Chloe ku Kabulonga, komwe gulu lathu limamwera tiyi."

"Kawalala sangayende kumwa tiyi ku Kabulonga," anatero Nicodemus, n'kuseka. "Iyo njinga ili kale pa boda ya Kasumbalesa."

Sajeni anamupatsa Hadiya nambala ya foni yake. Masiku anayi anadutsa kuli zii. Hadiya anazungulira msika wa Soweto, anafunsa okonza njinga a ku Kamwala ndi a ku Chunga, miyendo mpaka kutupa. Makatani a anthu anangounjikana pamakina. Pansi pa nkhani yake yodandaula, Nicodemus analemba ndime yaitali yotemberera wakubayo, ndipo anthu oposa makumi asanu anaiyamikira.

Loweruka, 9 koloko m'mawa, gulu linakumana kwa Chloe kuti ligawane manambala a pachifuwa a mpikisano wamawa. Hadiya anapita pa minibasi. Sanafune kupita, koma mtima unamukaniza kukhala. Anamupatsa nambala 47, iye n'kuiika pansi pa sosala ngati chinthu chamwini.

Nicodemus anafika mochedwa, tinsapato take topalasira tikulira khwakhwa pasimenti. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi Hadiya.

"Muli shani, ba sisi? Kulibe nkhani?"

Asanayankhe, foni ya Hadiya inanjenjemera. Kenaka kachiwiri. Kenaka kachitatu.

Anayang'ana. Pa bulogu yake panali patalowa maulendo atatu atsopano a panjinga: Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachisanu, onse a mbandakucha. Iye sanakwere njinga sabata yonseyo. Anatsegula mapu. Mzere wofiira unkayambira pageti ina ya ku Chelstone, n'kutsata msewu wa Great East kulowera ku Chongwe, n'kubwerera pageti pomwepo. Geti imeneyo ankaidziwa. Chaka chatha anakapachika makatani m'nyumba imeneyo, osalipiritsa, poti ndi mnzake.

Anadzutsa maso n'kuyang'ana anzake. Kamakinako sikakanatumiza kanthu kali ku Chelstone. Kanali pompano, patebulo lomweli, m'thumba la munthu amene anakaiwala mmenemo.

Anthu a masewerawa ali ndi nthenda imodzi. Kwa iwo ulendo wosalembedwa ndi ulendo wosayendedwa. Munthu angathe kuba njinga, kuibisa, kunamiza apolisi, koma kuti apalase osadina batani, osaona liwiro lake? Zimenezo ndiye ayi.

Foni ya Nicodemus nayonso inalira, poti anaitchera kuti izimudziwitsa chilichonse chimene Hadiya waika. Hadiya anamuyang'ana cham'mbali. Bamboyo anaitulutsa, maso ali pa keke ya mnzake wa kutsidya kwa tebulo, n'kudina kachizindikiro koyamikira katatu osawerenga ngakhale liwu limodzi, monga ankachitira tsiku lililonse. Anabweza foni m'thumba.

"Limbikilani chabe, ba sisi," anatero.

Abale inu, munthu kuyamikira umbava wake womwe! Ndiye kuti miyezi yonseyi sanawerengepo kanthu kupatula nthawi ndi malo. Hadiya anadzuka, nati akupita kukasamba m'manja. Ali kuseri anachotsa maulendo atatu aja pamaso pa anthu kuti ena a m'gulu asawaone, n'kuwatumiza kwa Sajeni.

"Ali pamenepo manje?" anafunsa Sajeni pafoni.

"Wakhala pambali panga."

"Musamuonetse nkhope. Nili ku Longacres, nibwela."

Mphindi makumi awiri ndi zisanu zimenezo zinali zowawa kuposa mtunda uliwonse umene Hadiya anathamangapo. Anabwerera pampando wake. Nicodemus anali atayamba kale kunyema keke ya nthochi ya m'mbale yake.

"Simukudya, ka? Nikuthandizeni."

Ankanyambita zala n'kubwezanso m'mbalemo. Ankalankhula chakudya chili m'kamwa, akulangiza Hadiya kuti chaka chamawa adzagule loko wa kiyi. Fungo la thukuta lake linkamufika pamphuno. Hadiya anangoti maso patebulo, manja atawapana pakati pa maondo kuti angamuwaze tiyi wamoto kumaso.

Nthawi ya 9:40 Sajeni Kabamba analowa atavala zawamba, Konsitabo Besa ali pambuyo pake.

"Ba Nicodemus Lukonde, imililani. Chosani vonse vili m'matumba."

"Ine? Ba Sajeni, mwaniibala? Ndine n'nabwelesa aba ku polisi!"

"Nikukumbukani bwino. Chosani."

Anatulutsa foni, makiyi, khoko la nthochi lakuda. Thumba lachitatu la kumsana kwa jezi analilumpha. Besa analowetsamo dzanja n'kutulutsa kamakina kaja. Kumbuyo kwake kunali kadontho ka utoto wa m'zikhadabo komwe Hadiya anapakapo kuti kasamasokonezeke ndi ta anzake.

Hadiya analoza kadonthoko ndi chala.

"N'nakatola pa msewu," anatero Nicodemus. "N'nali kufuna kubapasa lelo."

"Munakatola Chibili, Chitatu na Chisanu?" anafunsa Sajeni. "Tiyeni ku Chelstone."

Anafika 11 koloko. M'nyumba munalibe njinga, poti yake yakale inatsala kwa Chloe. Besa ndiye anazungulira kuseri, komwe kunali khola la nkhuku zoyera zogulitsa, n'kuitana.

Njinga inali mmenemo, itatsamira khoma, itafundidwa masaka a chakudya cha nkhuku. Hadiya anaizindikira ndi msinkhu wokha. Anali ataipopera utoto wakuda wotchipa, wochita kuyenderera mpaka pamabuleki. Dzina lake, lomwe linalembedwa pachitsulo chapakati, analipala ndi msomali. Pachishalo ndi pahandulo panali zitosi, zina zouma, zina zaziwisi. Njinga imene ankaipukuta ndi kansalu kofewa Lachisanu lililonse akachoka kumapemphero a Juma! Anatuluka m'kholamo n'kulavula.

"Chifukwa chiyani, Nicodemus?" anafunsa. "Munadya m'mbale ya amayi anga."

Poona kuti bodza latha, bamboyo anasintha nkhope. Manyazi analibe ngakhale pang'ono.

"Nikuuzeni zoona? Njinga ya so pa muzimai wosafika na makilomita twente faifi pa awa, ni kuononga chabe. Ine Chitatu n'nafika fote wanu. Onani pa kamakina, fote wanu! Imwe munali chabe kuichosela vithunzi."

"Lemba ivo, Besa," anatero Sajeni, n'kumumanga unyolo.

Kupolisi anafika 1 koloko masana. Hadiya anali atayamba kale kuwerengera m'mutu: palafini wochotsera utoto pamabuleki, sopo, madzi otentha, wokonza njinga wa pa Kabwata amene satseka msanga Loweruka. Zikanatheka. Mawa 6 koloko akanaima pamzere ndi anzake. Anagwira handulo kuti aitulutse.

"Ba Jumanne, yembekezani," anatero Sajeni, mawu atafewa koyamba. "Iyi njinga manje ni umboni. Ifunika kunkhala kuno mpaka mulandu ukangene mu khoti."

"Mpaka liti?"

"Mwezi, kapena itatu. Siniziba."

"Mpikisano ndi mawa, a Sajeni. Ndibwerekeni tsiku limodzi lokha, ndidzaibweza Lolemba."

"Mukaisuka na kuchosa penti, mwachosa umboni. Njila ni imozi chabe yoitengela lelo. Mukalemba kuti mwauleka mulandu, muyenda nayo. Naeve ayenda kunyumba."

Nicodemus, amene anali atakhala pabenchi mutu uli pansi, anadzutsa nkhope. Anamwetulira. Kumwetulira komwe kuja kwa pa Idi.

"Mwamvela, ba sisi? Ganizani bwino. Myezi fotini mukuuka zilo folo. Vonse vija viende pa madzi chifukwa cha ine? Tengani njinga yanu, tikambe monga banja. Nizakusukilani neka. Mailo ku mpikisano nizaimilila pa mzele nikuombeleni m'manja."

Bamboyo ankamudziwa bwino pomugwira. Hadiya anayang'ana njingayo, ndipo misozi inatsika osaibisa. Ankaufuna mpikisano umenewo kuposa chinthu chilichonse chimene anafunapo chikhalire. Wina wotero unali chaka chamawa, ndipo ndani amadziwa za mawondo a munthu wa zaka zake? Koma anaonanso Loweruka lotsatira: tinsapato tija tikulira pasimenti ya kwa Chloe, mpando ukukokedwa, zala zonyambita zikulowa m'mbale ya munthu wina amene wangotchula manambala a loko wake.

Anachotsa dzanja pahandulo n'kulipukuta pachitenje.

"A Sajeni, mangani chikwangwani chanu panjingapo. Mlandu ukalowe."

"Ba sisi!" anakuwa Nicodemus. "Muzaluza lesi chifukwa cha kanjinga? Nili na bana, imwe!"

"Ine si sisi wanu."

Sajeni anamangirira kapepala pahandulo n'kulemba nambala ya mlandu. Besa anamuuza Nicodemus kuti avule wotchi ndi nsapato. Anayenda ndi masokosi okha mpaka kuchitolokosi, akutchulabe dzina la Hadiya, ndipo chitseko chachitsulo chinatsekedwa.

Hadiya anasayina pomwe anamulozera. Kenaka anaimbira wokonza mpikisano, ali chiimire pakauntala pomwepo.

"Ndine nambala 47," anatero. "Mawa musandidikire."